Anasuta Mzinda wa Bambo Anga

Amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye Yesu ukhale nanu nonse, kuyambira inu mwakhala kutsogolo kuno mpaka inu mwabisala kuseri kwa mzati uko. Ndakuonani, koma musadandaule, sinditchula dzina. Inenso malo anga anali omwewo.

Dzina langa ndine Feliya, kwathu amanditcha Nambewe, ndimachokera kumtunda kwa Matandani. Ambiri mukundidziwa ndi duku loyerali. Koma muno muli abambo ena amene anandidziwa kale ndisanalivalenso, nthawi imene pakhomo panga pankafuka utsi wa kachasu kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Musaweramitse nkhope, abambo. Ndabwera kudzanena zanga, osati zanu.

Ndiyambe ndi bambo anga, chifukwa nkhani yonse yagona pa iwo. A Mbewe anali kalipentala. Zitseko zambiri za kwathu kuja, mafelemu a mawindo, mabenchi a m'tchalitchi mwathu, ngakhale mabokosi amene tinaikiramo abale athu, zonsezo zinadutsa m'manja mwawo. Kusukulu sanapondeko. Ankadziwa manambala a pa tepi basi, koma pamenepo ndiye simukanawanamiza ngakhale ndi kachidutswa ka inchi. Baibulo ankawawerengera ndi mayi. Mayi atamwalira, maso a bambo anayamba kuzima pang'onopang'ono, ndipo kuchipatala anatiuza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi msempha wa m'diso umene wauma. Patatha zaka ziwiri sankaonanso ngakhale dzuwa.

M'mawa wina ndikusesa pabwalo, ndinangoona akutuluka m'nyumba akupapasa khoma, m'khwapa atapanira Baibulo la mayi, lokulunga m'kachitenje kakale. Anakhala pa benchi lawo la mlombwa pakhonde n'kundiitana.

"Nambewe, mayi ako ankandiwerengera modumphadumpha, apa pang'ono, apo pang'ono, ngati nkhuku yotola mphale. Ine ndikufuna ndilimve lonse bukuli ndisanafe. Kuyambira chikuto ichi mpaka chikuto ichi."

"Zimenezo ndiye zosavuta, bambo. Tiziwerenga machaputala asanu pa tsiku, chaka chisanathe tamaliza."

"Iyayi. Chimodzi pa tsiku. Thabwa ukalipala mothamanga limatuluka mafunde."

Kenaka anandiuza chimene mtima wawo unkafuna kwenikweni. Anati anamva kuti kumapeto kwa bukulo kuli mzinda, ndipo mzindawo unayezedwa m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe. "Alaliki amangothamangira misewu ya golide," anatero. "Ine ndikufuna miyeso. Ndimve kuti khoma lake n'lokhuthala bwanji, zipata anaziika motani."

"Nanga bwanji ndikuwerengereni lero lomwe, mtima ukhale pansi?"

"Kodi iwe unaonapo munthu akukhoma denga asanakumbe maziko? Tidzafikako pa tsiku lake."

Abale anga, zaka ziwiri zimene zinatsatira ndi zimene ndimazilira mpaka lero. Ndikatseka maso ndimaliona khonde lija. Nkhungu ya m'mawa ikutsika m'mapiri, mphepo ya Juni ikulowa m'mafupa, bambo afunda bulangete mpaka m'makutu, m'manja muli kapu ya tiyi wa mandimu ndi mbatata yootcha. M'kanyumba kawo ka ntchito munkatulukabe fungo la matabwa ngakhale anali atasiya kalekale. Ine ndinkakhala pa mphasa pafupi ndi miyendo yawo n'kutsegula pomwe tinaika kachingwe. Khasu linkadikira, mtondo unkadikira, ngakhale mlendo akabwera ankapatsidwa mpando kuti amvere nawo mpaka timalize.

Malo amene inu mumadumpha, aja odzaza miyeso ndi mayina, ndi amene bambo ankasangalala nawo koposa. Tsiku limene tinawerenga za chombo cha chigumula anandiuza kuti ndibwereze katatu. Kenaka anadzuka ndi ndodo yawo n'kuyamba kuyeza pabwalo, mkono ndi mkono, ine ndikuwagwira malaya. Tinadutsa nkhokwe, tinadutsa khola la mbuzi, mpaka tinakathera m'munda wa chinangwa wa anansi athu. Mwini mundawo atafunsa chomwe tikufuna, bambo anati, "Pepani, chombo chathu chalowa m'munda mwanu." Ndikapunthwa pa mayina ovuta aja ankaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Ameneyo ndiye kwawo n'ku Ligowe, eti?" Tikamaliza ankandifunsa funso limodzi, loti lero tichita nazo chiyani zimene tamvazi. Ndikayankha zozungulira ankakana, ankafuna chinthu chogwirika, monga kukapepesa mlamu wanga kapena kukatungira madzi mayi wina wodwala. Tikatero tinkapemphera mwachidule, iwo kaye, ine pambuyo. Ine ndinkaona ngati ndikuthandiza nkhalamba yosaona. Sindinkadziwa kuti amene akupalidwa ndine.

Tsono mverani mmene ndinagwera, ndipo sindichedwapo chifukwa njira yake ambiri mukuidziwa. Amuna anga anapita ku Joni. Chaka choyamba foni inkalira, chachiwiri inayamba kulira mwa apo ndi apo, kenaka zii. Anatchona. Chaka chomwecho mbozi zinatidyera chimanga, mwana wanga wamkazi ali Fomu 2 ku Mwanza komwe ankakhala ndi achemwali anga. Mnzanga wina anati, "Ungotcheza kachasu kawiri katatu, mwana akhale pasukulu, ukatero usiye. Iwe sumwa, vuto lili pati?" Ndinapeza mgolo, paipi, madeya ndi shuga. Ndinadziuza kuti Mulungu akuona chifukwa chake.

Koma wotcheza amalawa. Amalawa kuti adziwe pamene kachasu woyamba uja, waukali, wathera, ndi pamene wayamba kutuluka wamadzi. Ndinayamba ndi kunyambita chala. Kenaka kachivindikiro ka botolo. Miyezi itatu isanathe ndinali ndi kapu yangayanga imene ndinkabisa kuseri kwa mtsuko. Ndipo moto wotchezera umafuna kuyatsa m'mawa, nthawi yomwe ija ya pakhonde. Kuwerenga ndinakusunthira masana. Masana kunkabwera makasitomala, ndiye ndinati madzulo. Madzulo lilime linali litalemera. Kenaka ndinangoyamba kunena kuti mawa. Tinaima pa Yeremiya.

Akulu a mpingo anabwera kawiri kudzandichenjeza, kachitatu anandidula. Mayi Nachisale, mtsogoleri wa gulu lathu la amayi, amenenso anali mnzawo wa malemu mayi anga, anabwera kudzatenga duku ndi bulauzi. Ndinawaponyera pansi zovalazo, ine, Nambewe. Mwana wanga atamva kuti tsiku lina masana ndinagona m'ngalande pafupi ndi msika, chitenje chili poteropo, ana a sukulu akundiimba nyimbo, anakana kubwera ku holide. Ndalama zimene ndinayambira zonsezi zinkathera pakhosi panga pomwe, ndipo sukulu ankalipira ndi achemwali.

Nanga bambo? Bambo sanaphonye tsiku. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi Baibulo, n'kukhala pa benchi, n'kuliika pa miyendo. Akamva mapazi anga ankangoti, "Nambewe, tili pa Yeremiya." Poyamba ndinkayankha kuti ndamva, bambo, moto ukuzima. Kenaka ndinasiya kuyankha. Tsiku lina ndinawakalipira kuti, "Kodi Yeremiya wanuyo amagula sopo?" Masiku ambiri ankadya mkute wozizira, masiku ena osadya n'komwe. Ndipo makasitomala atayamba kudandaula kuti mowa sukoma pamaso pa nkhalamba yogwira Baibulo, ndinawagwira dzanja bambo anga ondibereka n'kukawakhazika kuseri kwa nyumba pa chitsa. Benchi lawo ndinapatsa oledzera. Buku ndinawalanda n'kuliponya pa windo kuti lisamanyowe ndi mame. Ndinkati ndikulisamala.

Chaka ndi miyezi inayi zinatha choncho.

Loweruka lina masana pakhomo panadzaza. Anthu aja anali ndi fodya wa chingambwe koma mapepala opichirira anawathera. Mmodzi anasuzumira pa windo, n'kutenga Baibulo la mayi, n'kuligwiragwira. Anati, "Mayi, koma pepala ili ndiye lofewa bwino." Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti sindinamve, kapena kuti ndinali nditagona. Ndinamva. Ndinali ndi kapu m'manja, ndipo ndinayankha ndi pakamwa pangapa kuti, "Muzing'amba chakumapeto, kumeneko sitinafike." Anaseka, inenso ndinaseka nawo. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wosowa pepala ankadziwa pokatenga.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina wozizira, ndikuphwanya nkhuni mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo misomali, bambo anandiitana kuchokera pa chitsa chawo chija.

"Nambewe, tandipatse buku la mayi ako ndiligwireko. Sindikuti uwerenge."

Ndinakalitenga ndisakuganiza chilichonse. Analilandira ndi manja awiri. Analikweza pang'ono, n'kulitsitsa, monga ankachitira ndi thabwa pofuna kudziwa ngati lauma.

"Bukuli lapepuka."

Analitembenuza n'kutsegula chikuto cha kumbuyo. Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono m'mphepete momwe munatsala timizu ta mapepala, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso. Ankawerenga timizuto ndi chikhadabo, kamodzikamodzi. Sindinaonepo chala chikuyenda mochedwa chotero.

"Mwina ndi chiswe, bambo," ndinatero.

"Chiswe ndalimbana nacho zaka makumi anayi. Sichidula mowongoka chonchi."

Analifikitsa pamphuno. Fungo la fodya linali litalowerera chikuto chonse chifukwa cha zala za anthu aja.

"Mzinda uja unali apa?"

"Unali pamenepo, bambo."

"Ausuta?"

Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mapazi awo, kutsogolo kwa nyumba mgolo unali utayamba kuwira.

"Iwe unalipo?"

Apa ndikanatha kunama, ndipo sakanadziwa. Koma mawu anangotuluka okha. "Ndinalipo. Ndine ndinawauza kuti azing'amba chakumapeto."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena anditemberera, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu pamsika.

"Unaganiza bwino, mwana wanga. Unadziwa kuti sitidzafikako."

Anatseka bukulo, n'kulikulunga bwinobwino m'kachitenje ka mayi, n'kuliika pa miyendo. Kenaka ndinaona madzi akutsika m'maso aja amene sankaona kanthu. Sanawapukute. Ine ndinali ndisanawaonepo bambo akulira, ngakhale pa maliro a mayi.

Mukuganiza kuti ndinagwada pomwepo? Ayi. Tsiku limenelo ndinamwa kuposa masiku onse, kuti mawu aja achoke m'makutu. Sanachoke. Ndikunena izi chifukwa ena mumadikira kuti tsiku lolapa lidzabwera ndi mphezi. Langa linabwera ndi matsire.

Mawa lake ndinatsetsereka kupita ku sitolo ya a Saidi kukagula shuga wofutsira madeya ena. A Saidi ndi Msilamu, ali ndi golosale pa msika wathu waung'ono uja. Ndinapeza chitseko chotseka dzuwa lili paliwombo, anthu atatu akudikira pakhonde. Atatulukira ndinawalankhula mwaukali.

"Inu a Saidi, makasitomala tikupsa ndi dzuwa pano, inu mwatseka. Bizinesi yake iti imeneyi?"

Anatsegula loko mosapupuluma. "Pepani mayi, ndinali kokapemphera. Mulungu ndinapangana naye nthawi. Kasitomala sindinapangane naye." Atalowa anagogoda shelefu ndi chala. "Mashelefuwa anandikhomera ndi bambo anu, zaka zonsezi sanapindike. Kale ndikamadutsa m'mawa pa njinga ndinkakumvani mukuwawerengera pakhonde. Masiku ano sindikumvani. Akudwala kodi?"

"Sakudwala," ndinayankha.

"Basi, mukawapatse moni. Shuga wa makilo angati?"

Ndinayang'ana thumba la shuga, ndinayang'ana mashelefu aja. Munthu wa chipembedzo china akusunga pangano lake dzuwa lili pamutu, makasitomala ali pakhomo, ine wobatizidwa ndinagulitsa langa ndi moto wa pansi pa mgolo. Ndinati ndibweranso. Ndinatuluka, ndipo miyendo inanditengera kwa mayi Nachisale, omwe aja ndinawaponyera duku.

Ndinawapeza akusenda nandolo. Ndinagwa pa mapazi awo ndikulira, ndikufotokoza zonse, za chitsa, za benchi, za mapepala. Anandisiya ndilire mpaka misozi itaphwa, manja awo osasiya nandolo. Kenaka anati, "Iwe mwana wa a Mbewe, wabwera kudzalira kapena kudzagwira ntchito? Ngati n'kulira, wamaliza, uzipita. Ngati ndi ntchito, tiye tikatenge mgolo."

Tinapita tsiku lomwelo. Madeya ofutsa tinakhuthulira m'dzenje, paipi anaiphwanya okha ndi mwala, mgolo tinaugubuduza mpaka kutchalitchi komwe mpaka lero umasungira madzi. Mabotolo asanu ndi limodzi amene anali okonzeka anandiuza kuti nditaye ndi manja anga. Ndinapempha kuti ndigulitse kaye omalizawo. Anandiyang'ana basi, ndipo ndinataya.

"Tsopano ndiuze," anatero, "ludzu limakugwira nthawi yanji?"

"Dzuwa likangopendeka, nthawi yobwera makasitomala."

"Nthawi imeneyo uzikhala kwathu. Ugule kope ndi cholembera. Zimene anasuta anzako aja uzikopera wekha kuchokera m'Baibulo langa, mpaka zitakwanira. Ndipo Baibulo langa silichoka pakhomo panga, usayerekeze kubwereka."

Ndinati kodi sikwabwino kungosonkha ndalama n'kugula lina? Anati, "Logula silikuchotsa pakhomo pako masana. Mdani wako si kachasu yekha, ndi ola lopanda ntchito."

M'mawa mwake ndinatenga benchi lija, ndinalikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka fungo la mowa litachoka, n'kulibwezera pakhonde. Ndinawiritsa tiyi. Ndinapita kuseri, ndinawagwira dzanja bambo, ndinawakhazika. Ndinakhala pa mphasa.

"Bambo, tili pa Yeremiya."

"Ndikudziwa pamene tili," anatero. "Ndimadikira iwe."

Sanandifunse chilichonse, sanandilalikire. Anangondipatsira buku. Manja anga ankanjenjemera moti mizere inkavina, chaputala chimodzi chinanditengera nthawi yophikira nyemba. Nditamaliza ndinati, "Bambo, tiziwerenga atatu pa tsiku kuti tibweze masiku ndinataya aja." Anakana. Anati masiku otayika sabwezedwa ndi liwiro, chimodzi pa tsiku monga tinapanganira.

Milungu iwiri yoyamba thupi linandiukira. Kusanza, thukuta, kusowa tulo, mtima kugunda ngati ng'oma. Mayi Nachisale anandiperekeza kuchipatala, ndipo ndikukupemphani, amene mwamwa nthawi yaitali, musachite manyazi kupitako. Pemphero ndi mankhwala sizidana. Masana aliwonse ndinkakhala pa mkeka wawo ndi kope langa. Tsiku loyamba ndinalemba mizere inayi yokha, cholembera chikuboola pepala. Makasitomala akafika kwathu ankapeza bambo okha pa benchi, ndipo bambo ankawalonjera mwaulemu n'kuwafunsa ngati abwera kudzamva Yeremiya. Sanachedwe kusiya kubwera.

Lachitatu lililonse ndinkapita ku kalasi ya obwerera, kukhala pamodzi ndi atsikana amsinkhu wa mwana wanga, kuyankha mafunso amene ndinayankha kale ndili mtsikana. Lamulungu ndinkakhala benchi lakumbuyo, mgonero ukamadutsa ine manja ali pamiyendo. Zinkandiwawa, koma kunyada kwanga kunkafunika kupalidwa komweko. Za pamimba, a Saidi anandilola kuika beseni la mandasi ndi manachesi pakhonde la sitolo yawo. Phindu lake linali laling'ono poyerekeza ndi la kachasu, koma linkafika kunyumba lonse.

Ndisakunamizeni kuti ndinayenda mowongoka. Mwezi wachitatu kunali chinkhoswe kwa msuweni wanga, wina anandipatsira kapu, ndinati kamodzi kokha. Ndinadzuka m'khichini mwa eni ake. M'mawa umenewo bambo anakhala pa benchi mpaka dzuwa kukwera. Nditafika ndinaima patali kuti asamve fungo, koma mphuno yawo inali maso awo. Anangoti, "Wachedwa. Khala pansi." Ndinawerenga ndikulira. Masana ndinapita kwa mayi Nachisale n'kuulula ndisanafunsidwe. Anati, "Wagwa, wadzuka, wabwera. Tsegula kope. Koma chinkhoswe china usadzapite wekha." Kuchokera tsiku limenelo mpaka lero lino sindinalawenso, ndipo kumene kuli mowa sindipita popanda mnzanga wondidziwa.

Kope linadzaza patatha miyezi inayi. Ndinalikutira ndi pepala la simenti n'kulisunga m'sutikesi, kudikira tsiku lake. Tinamaliza aneneri. Tinalowa m'Mauthenga mvula itayamba, ndipo apo bambo ankamvetsera mosiyana, chifukwa ankati Yesu ndi mnzawo wa ntchito, amadziwa kuwawa kwa chikhatho chotupa ndi sowo. Pa Khirisimasi mwana wanga anabwera, anakhala nafe pa mphasa masiku atatu osandilankhula bwino, tsiku lachinayi anapempha kuti awerenge ndiye. Chakumapeto kwa dzinja mpingo unandibwezera, mayi Nachisale anandimanga duku ndi manja awo. Nditafika kunyumba bambo anandipapasa kumutu, n'kunena kuti lapendekera kumanzere.

Chimanga chitayamba kuuma, chifuwa chinawagwira. Tinapita nawo kuchipatala cha ku boma, anagonako sabata imodzi, ndipo ndinkawawerengera pa bedi pomwepo. Kenaka adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndibwino akapumulire kwawo. Ndinamva chimene ankatanthauza. Tinali m'buku la Machitidwe, chakumapeto.

M'mawa wachitatu tili kunyumba sanathe kufika pakhonde. Ndinatsegula windo kuti mphepo ya kumapiri iwapeze pa mphasa. Ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa kope lija, ndinagwada pafupi nawo.

"Bambo, mzinda uja ndili nawo pano. Ndinaukopera wonse, miyeso yonse, palibe chimene ndinasiya. Chonde ndiloleni ndikuwerengereni lero."

"Tandipatsa."

Analitsegula pa chifuwa pawo. Mukudziwa kuti munthu akalemba mokanikiza, kuseri kwa pepala kumatuluka timizere. Chala chawo chinayamba kuyenda pa tsamba loyamba.

"Apa dzanja linkanjenjemera. Taona, mpaka unaboola."

"Eya, bambo."

Anatembenuza masamba angapo. "Apa layamba kugwira." Anapitiriza, n'kuima pakati. "Nanga apa chinachitika n'chiyani? Labwereranso."

"Ndi chinkhoswe chija."

"Ehe." Anapitabe mpaka tsamba lomaliza, n'kulisisita ndi chikhatho chonse monga ankachitira akamaliza kupala chitseko. "Koma apa ndiye pasalala. Ntchito yabwino imeneyi, Nambewe."

"Ndiwerenge tsono?"

Anatseka kope n'kundibwezera. "Iyayi."

"Bambo, chonde. Nthawi yatha. Ndine ndinakudyerani masiku, musandisiye ndi mlandu umenewu."

Anapuma kanthawi, chifuwa chikulira. Kenaka anafufuza dzanja langa n'kuligwira. "Ndikamva mapeto lero, iwe mawa udzatsegula bukuli chifukwa chiyani? Mzindawo ndikauyeza ndekha, ndi maso. Iwe udzafike pa tsiku lake, osadumpha. Werenga za lero."

Ndinawerenga za lero, misozi ikudonthera pa buku la mayi. Inali nkhani ya chombo chimene chinasweka ndi namondwe panyanja, anthu n'kupulumuka, ena posambira, ena atagwira matabwa. Nditafika pamenepo anandifinya dzanja.

"Pa matabwa?"

"Pa matabwa, bambo, ndi zidutswa za chombo."

"Anafika onse?"

"Onse. Palibe anatsala."

"Basi," anatero. "Anali matabwa abwino."

Anatisiya masana a tsiku lomwelo, dzuwa litangopendeka.

Abale anga, maliro atatha ndinakhala pansi n'kuwerengetsa kuti machaputala amene anatsala ndi angati. Inali miyezi isanu yokha, osakwana n'komwe. Ine ndinamwera chaka ndi miyezi inayi. Sindinapite patali ndi sukulu, koma samu imeneyo ndimaitha, ndipo ndimaichita m'mawa uliwonse. Yesu anandikhululukira, pamenepo sindikayika ngakhale pang'ono. Bambo anandikhululukira, mpingo unandilandira, mwana wanga amanditchulanso kuti amayi. Koma masiku aja palibe anandibwezera, madzi akatayika saoleka.

Ndinapitiriza ndekha, chimodzi pa tsiku, pakhonde pomwe paja. Ndinafika pa mzindawo m'mwezi wa Sepitembala, kukutentha, mitengo ikuphuka masamba ofiira. Ndinatsegula kope langa ndipo ndinawerenga mokweza, khoma, zipata, maziko, m'litali ndi m'lifupi, nambala iliyonse. Nditamaliza ndinakhala chete kudikira, mwa chizolowezi. Panalibe wondiuza kuti ndibwereze.

Tsono inu muli kuseri kwa mzati, ndi inu nonse amene mumtima mukuti mudzasiya mukakolola, mudzasiya mwana akamaliza sukulu, mudzayamba kupemphera zinthu zikakhala bwino, ine sindikuopsezani ndi moto. Ndikungokuuzani kuti panganani nthawi ndi Ambuye, ikhale yaing'ono koma yosasuntha, ndipo pezani munthu wouma mtima ngati mayi Nachisale woti azikudikirani pa ola lanu loipa. Yambani mawa m'mawa, kusanatenthe. Musaganize kuti masiku amene mukumwawo ndi anu nokha. Ine ndinkayesa kuti ndikumwa anga, chonsecho ndinkamwa a bambo anga.